Mlandu wa Zitseko ku Mbamazalira

Kuseri kwa mapiri a Musandifunse kuli ufumu wotchedwa Mbamazalira, ndipo mu ufumu umenewo munalibe ndewu. Zimenezi zinali zodziwika bwino, chifukwa Mfumu Yaikulu Gwedeza Wachiwiri inalamula choncho chaka chomwe inalowa ufumu. Mawu akuti "kumenya" anachotsedwa m'chilankhulo. Anthu awiri akagwirana pakhosi pamsika, apolisi ankanena kuti akukambirana moyandikana. Munthu akatupa diso, ankati nkhope yake yanenepa mbali imodzi.

Zinthu zinavuta pokonzekera chikondwerero cha Tsiku la Bata. Kunkabwera alendo a m'maufumu oyandikana nawo, ndipo mfumu inafuna kuti kwaya ya mumzinda wa Chipumi, likulu la dzikolo, iwaimbire nyimbo ya fuko ikumwetulira. Tsiku loyeserera, mfumu inakhala pampando wake, kwaya inatsegula pakamwa, koma m'malo mwa nyimbo munatuluka likhweru. Mzere wonse wakutsogolo unali ndi magweru. Woimba ng'oma anali atakoleka mkono m'khosi ndi nsalu, ndipo ng'omayo ankaiimba ndi chigongono. Wotsogolera kwaya ankaona ndi diso limodzi, choncho ankatsogolera theka la kwaya, theka linalo likudziimbira za kumtima kwake.

"Ndani akudya mano a anthu anga?" inafunsa mfumu.

Nduna ya Bata ndi Mtendere, a Chikwapulo, anagwada. "Ndi nzimbe, Mwini dziko. Chaka chino zalimba kwambiri."

"Nanga diso lija, nalonso ndi nzimbe?"

"Njuchi, Mwini dziko. Zimatsata nzimbe zomwezo."

Mfumu sinakhutire. Inaitanitsa Dokotala Etinesi Kapalamula, mkulu wa chipatala cha Pepani. Chipatalacho chinkatchedwa choncho chifukwa "pepani" ndiwo anali mankhwala okhawo amene sankatha. Mayiyu anali atakalambira kusoka milomo ndi zipumi, ndipo masiku amenewo ulusi wosokera mabala unali utamuthera, moti ankapempha kwa matelala.

"Mukandipezere chomwe chikugulula mano a anthu anga," inatero mfumu. "Mukachipeza, ndikupatsani ulusi wokwanira kusoka dziko lonse. Mukalephera, mukasamukira ku Mathero kukasamalira nkhupakupa za ng'ombe zanga."

"Mukutanthauza kusamalira ng'ombe, Mwini dziko?"

"Nkhupakupa. Ng'ombe zili ndi dokotala wake kale."

Etinesi yankho ankalidziwa, monganso namwino aliyense wa ku Pepani. Koma kafukufuku safuna zimene dokotala akudziwa, amafuna zimene anthu anena okha ndi pakamwa pawo. Choncho anayambira m'chipinda cha ovulala.

"Chinachitika n'chiyani, bambo?" anafunsa munthu wina amene tsaya lake linali ndi mizere isanu yooneka bwino.

"Chitseko, adokotala."

"Chitseko chanu chili ndi zala?"

"Ndi cha mbawa, chodula. Chimabwera ndi zambiri."

Wachiwiri anali atalumidwa khutu, ndipo naye anati chitseko. Wachitatu, wothyoka nthiti, anayamba wafunsa kuti anzake ayankha zotani, kenako anati naye zomwezo.

Etinesi anaona kuti funso lake silikumufikitsa kulikonse, ndiye analisintha. Anasiya kufunsa chimene chinawavulaza, nayamba kufunsa chimene anataya atavulala. Pamenepo anthu anamasuka pakamwa, chifukwa panalibe lamulo loletsa kudandaula za katundu. Anapita nalo funsolo ku msika wa Tiwonane. Wakabaza anamuuza kuti sanakwere njinga mwezi wathunthu chifukwa cha bondo, ndipo mwini njinga anaipatsa wina. Mphunzitsi amene ankagula usipa anati ana ambiri amasinza m'kalasi chifukwa kwawo zitseko zimachezera kukambirana. Woumba miphika anati malonda ake ali bwino, koma akuchita manyazi kugulitsa mphika umodzimodzi kwa mayi mmodzimodzi sabata iliyonse. Wosangalala ndi mtima wonse anali wogulitsa phala yekha.

"Munthu wopanda mano ndi kasitomala wokhulupirika," anatero. "Musakonze zinthu mothamanga, adokotala."

Kumapeto kwa msika, pabenchi yopanda kanthu, panakhala mayi wina dzina lake Ndaziona, mkono wake wamanja uli m'chikhakha. Iyeyu ndiye ankalima tomato wabwino kuposa onse ku Chipumi, ndipo ndi amene ankaperekera tomato kukhitchini ya mfumu.

"Mkonowu bwanji, mayi?" anafunsa Etinesi.

"Chitseko."

"Chitseko chake chiti?"

"Cha kunyumba kwathu. Chimabwera madzulo chitavala yunifolomu, n'kufunsa kuti ndiwo ndi chiyani."

"Chili ndi dzina?"

"Musandipalamulitse, adokotala. Dzina lanu lomwelo likundiopsa kale."

Msika wonse unkadziwa kuti mwamuna wa Ndaziona anali Sajeni Likongwe, mkulu wa asilikali olondera nyumba ya mfumu. Etinesi sanakakamize. Anangofunsa zimene mkonowo unawononga, ndipo Ndaziona anasiya nthabwala. Anati sangathe kunyamula dengu kapena chitini chothirira. Tomato wakupsa anaolera kudimba, wanthete anauma. Mwana wake wamkazi anasiya sukulu kuti azithirira mizere yotsalayo, koma madzi a mwana sakwanira dimba. Ponena za mwanayo, Ndaziona anayang'ana kumbali, ndipo Etinesi anadikira mpaka mayiyo atatembenukanso.

Tsiku lopereka zotsatira, Etinesi anaitanidwa kubwalo la nduna. Anadabwa kuona nduna zonse zitavala zipewa zazikulu zokhuthala, zooneka ngati mwaikidwa thonje, ngakhale kunkatentha. Anagwada, napempha kulankhula.

"Mwini dziko, mwa anthu khumi alionse amene ndinawafunsa, asanu ndi anayi anati anavulazidwa ndi chitseko, koma..."

A Chikwapulo anadzambatuka mawuwo asanathe. "Mwamva nokha, Mwini dziko. Sayansi yalankhula. Ife takhala tikuzikayikira zitseko kuyambira kale. Chinthu chanji chimene chimaima tsiku lonse pakhomo pa munthu osapereka moni? Chimamva zinsinsi za banja lililonse, chimatseguka uku n'kutsegukanso uko, chilibe mbali yeniyeni. Adani a bata lathu sali kutali ayi. Tawakhomera tokha m'nyumba zathu ndi misomali yathu yomwe."

"Mwini dziko, ndinali ndisanamalize," anatero Etinesi. "Pali 'koma'."

"Musunge 'koma' wanuyo, tidzamumva chaka chamawa," anatero a Chikwapulo. Nduna zinaomba m'manja, ndipo mfumu inalamula kuti zitseko zonse za mu ufumu wa Mbamazalira zimangidwe.

Ntchitoyo inatsogoleredwa ndi Sajeni Likongwe. Asilikali anayenda nyumba ndi nyumba kuzula zitseko, zamatabwa, zamalata ndi zabango zomwe, n'kukaziunjika pabwalo la ndende. Popeza lamulo siliona nkhope, anazulanso chitseko cha ndendeyo. Akaidi anapita kwawo, koma ambiri anabwerera atapeza kuti kwawoko kuli mphepo yomweyo koma kulibe nyemba. Chitseko china cha mbawa chinaimikidwa pamaso pa woweruza. Chinafunsidwa katatu ngati chikuvomera mlandu, osayankha. Msilikali atachigwedeza chinalira kuti kwiii, ndipo woweruza anagamula kuti chavomera ndipo chikumva chisoni.

Kumsika anthu anazolowera msanga. Popeza zimbudzi nazo zinalibe zitseko, aliyense wolowamo ankaimba nyimbo kuti ena adziwe kuti muli munthu, moti m'masabata ochepa kaimbidwe ka dziko lonse kanapita patsogolo. Akuba anadandaula kuti ntchito yawo yatha ulemu. Chachikulu chinali chakuti m'nyumba iliyonse mukayamba kukwera mawu, oyandikana nawo ankatenga mipando n'kudzakhala pabwalo moyang'ana pakhomo, ena atanyamula chimanga chokazinga. Amuna ambiri amene anali atakweza kale dzanja ankapezeka akudzikanda nalo m'mutu.

Etinesi anakumananso ndi Ndaziona, ndipo anamufunsa za kunyumba.

"Ndinachokako," anatero Ndaziona. "Ndili kwa achemwali anga. A Sajeni anazula okha chitseko chathu, ananyamula pamutu n'kupita nacho. Ine ndinayang'ana pakhomo pali mbee, ndiye ndinati kodi ndikudikira chiyani? Ndinatenga mwana ndi mapoto."

Ovulala anachepa ndithu ku Pepani, ndipo a Chikwapulo analengeza pa wailesi kuti nkhondo yolimbana ndi zitseko yapambana. Koma Etinesi anaona chinthu chodabwitsa. Sabata yonse chipatala chinkapuma, koma Lachiwiri lililonse m'mawa chinkadzaza mpaka pakhonde. Anauza Ndaziona za zimenezi.

"Lolemba mumakhala kuti, adokotala?"

"Kuchipatala."

"Lolemba likubwerali mubwere kunyumba ya mfumu. Mubwere ndi mtedza, ndipo mulawirire, malo abwino amatha."

Nyumba ya mfumu nayo inalibe zitseko, ndipo bwalo la nduna, limene linkakumana Lolemba lililonse, tsopano linkaonekera kumsewu. Etinesi anapeza khamu litakhala kale pa udzu. Mkatimo mfumu inali pampando, itagwira ndodo yachifumu yamutu wamkuwa, imene inkatchedwa Mlangizi.

"Sabata yachinayi ino ndikudya ndiwo zopanda tomato," inatero mfumu. "A Chikwapulo, bata lake ndi limeneli?"

A Chikwapulo asanayankhe, Mlangizi anatera pachipewa chawo kuti phu. Thonje linathandiza, koma osati kwambiri. Ndunayo inathokoza chifukwa cha malangizo, inabwerera chambuyo mwaulemu, n'kutuluka maso ali psuu.

"Tsopano muitsatire ndunayo," Ndaziona ananong'oneza. "Siitha msanga nkhani imeneyi."

Etinesi anaitsatira wapansi. Pakhonde a Chikwapulo anapeza Sajeni Likongwe ataima njo, ndipo anam'patsa mbama chifukwa sawatcha yake inali yokhota. Sajeni anathokoza, anakonza chipewa, n'kulunjika kumsika. Kumeneko anapeza wodulitsa ziphaso za msika akuyasamula, nam'patsa mbama chifukwa choyasamula pa nthawi ya boma. Wodulitsa ziphasoyo anakankha wakabaza amene anaimika njinga pamalo olakwika. Wakabaza anagwera pa mulu wa miphika, ndipo woumba miphika anam'gwetsera m'mutu mphika umodzi wokhawo umene unatsala wamoyo. Mlamu wake wa wakabaza anabwera kudzaleretsa, naponda usipa wa eni ake. Dzuwa lisanapendeke, mbama ija inali itabereka ana ndi zidzukulu, ina italowera kumalo omwera mowa, ina itakwera minibasi kupita kumidzi. Etinesi anafika ku Pepani pamodzi ndi ngolo yoyamba ya ovulala.

Sabata imeneyo sanadye bwino. Ankaganiza za ku Mathero, za nkhupakupa, ndi za odwala ake amene adzatsale ndi anamwino awiri ndi mawu akuti pepani. Akanatha kukhala chete, chifukwa boma linali litakhutira kale ndi zitseko. Koma Lachisanu anasoka chipumi cha mnyamata wa sukulu ndi ulusi wa telala, wobiriwira, ndipo atamaliza anapita kukapempha kuti Lolemba alankhulenso kubwalo.

Khamu la tsiku limenelo linaposa la masiku onse. Wogulitsa phala anabwera ndi mphika wake wonse.

"Mwini dziko, ndabwera ndi 'koma' uja," anatero Etinesi atagwada. "Zitseko n'zosalakwa. Anthu anu akumenyana."

"Mawu amenewo kulibe m'dziko lino," anatero a Chikwapulo. "Mayiyu akulankhula chilankhulo chachilendo."

"Chabwino, akulangizana," anatero Etinesi. "Ndipo malangizo ambiri amayambira m'chipinda chino Lolemba m'mawa."

Kunja, munthu wina anasiya kutafuna mtedza uli m'kamwa. Etinesi anapitiriza. Anafotokoza ulendo wonse wa mbama ija, kuchokera pachipewa cha nduna kufika pa ngolo ya ku Pepani. Ananena za njinga zoima, miphika yosweka, ana osiya sukulu, minda yosalimidwa ndi msonkho wosaperekedwa chifukwa wopereka wagona kuchipatala. Mfumu inkamvetsera ikuyasamula, mpaka Etinesi anafika pa mkono wa mayi wolima tomato.

"Taimani kaye," inatero mfumu. "Tomato wake uti?"

"Wa kukhitchini kwanu, Mwini dziko."

Mfumu inakhala tsonga n'kuyamba kuwerenga pa zala. "Ine ndilangiza a Chikwapulo. A Chikwapulo alangiza Sajeni. Sajeni alangiza mkazi wake. Mkazi wake asiya kuthirira. Ine ndidya ndiwo zoyera ngati za kumaliro a munthu wosauka. Ndiye ndikwiya, ndilangizanso a Chikwapulo." Inayang'ana zala zake kwa nthawi. "Ndiye kuti tomato wanga ndakhala ndikumuwononga ndekha ndi ndodo iyi?"

"Kafukufuku akusonyeza choncho, Mwini dziko."

Nkhope ya mfumu inada. Inatembenukira kwa a Chikwapulo. "Inu mumalandira malangizo anga sabata iliyonse, bwanji simumawasunga? Ndani anakuuzani kuti muzigawira ena?" Inakweza Mlangizi m'mwamba ndi manja awiri, ndipo a Chikwapulo anatseka maso n'kugwiritsitsa chipewa.

Pamenepo kunamveka mawu a mayi kuchokera pa udzu, osakweza, ngati akuuza mnzake mtengo wa zinthu. Anali Ndaziona.

"Ikatera imeneyo, Mwini dziko, muiwale ndi anyezi yemwe. Wolima anyezi ndi mkazi wa wodulitsa ziphaso."

Ndodo inaima m'malere. Mfumu inayang'ana Etinesi, ndipo Etinesi anagwedeza mutu kuvomereza. Inayang'ana wophika wake amene anaima pakona, ndipo wophikayo anayang'ana pansi mwachisoni. Ndodo inakhala m'mwambamo mpaka manja a mfumu anatopa, kenako inatsika pang'onopang'ono n'kugonekedwa pamkeka ngati khanda.

Tsiku lomwelo kunatuluka lamulo latsopano. Linati mano onse, nthiti zonse, maso ndi mikono yonse ya mu ufumu wa Mbamazalira ndi katundu wa mfumu, ndipo eni ake amangobwereka. Aliyense wothyola chimodzi mwa izo waba za mfumu. Mawu akuti "kumenya" anabwezedwa m'chilankhulo, chifukwa alembi analephera kulemba lamulolo popanda iwo. Mlangizi anazengedwa mlandu wosocheretsa mfumu, napezeka wolakwa, ndipo anapatsidwa ntchito yakalavulagaga yovundulira phala la akaidi. Zitseko zinakhululukidwa, ngakhale kuti pozibweza panasokonekera, moti wogulitsa makala wina analandira chitseko cha nyumba ya nduna n'kumanga nyumba yatsopano yoti igwirizane nacho.

A Chikwapulo analandira mendulo chifukwa chotulukira gwero la vutoli ndi mutu wawo womwe. Etinesi sanatchulidwe pa mwambowo, koma sanapite ku Mathero, ndipo ku Pepani kunafika bokosi la ulusi weniweni wa chipatala. Ndewu sizinathe zonse, poti lamulo silisintha mtima tsiku limodzi. Koma Lachiwiri linakhala tsiku wamba, ndipo ovulala akafunsidwa chimene chachitika, ena anayamba kutchula mayina a anthu.

Patapita miyezi ingapo, Ndaziona anali atachotsedwa chikhakha n'kubwerera pabenchi yake ndi tomato woyamba wa dimba latsopano. Mwana wake anali atabwerera kusukulu. Tsiku lina masana Sajeni Likongwe anafika pamsika wopanda yunifolomu. Chibwerere lamulo lija palibe anali atamupatsa mbama, ndipo manja ake ankaoneka osowa chochita: ankawaika m'thumba, kuwatulutsa, kuwapinda kumbuyo. Anaima patsogolo pa benchi, amayi a mabenchi oyandikana nawo n'kusiya kuitanira malonda.

"Amake mwana," anatero motsitsa mawu, "kunyumba kuja kwakula."

"Kwakula bwanji? Mwawonjezera chipinda?"

"Ndikutanthauza kuti kuli zii. Ndinalakwa. Ndasintha, afunseni anthu."

Ndaziona anasankha tomato atatu, anawaika bwino pamulu, n'kupukuta manja pachitenje. Anayang'ana mkono wake umene unali wowonda kuposa unzake, kenako anayang'ana mwamunayo.

"Adokotala anandiphunzitsa kuti munthu sukhulupirira yankho loyamba," anatero. "Madengu awo ali apowo akufunika kupita kudimba, abwere odzaza. Mawanso chimodzimodzi, mpaka mvula igwe. Ine ndizikhala kwa achemwali, ndizikuonani."

"Ndiye mvula ikagwa mudzabwerera?"

"Sindikudziwa, bambo. Kafukufuku wangoyamba kumene. Zotsatira mudzazimva zikadzatuluka."

Sajeni anayang'ana amayi a mabenchi aja. Anawerama, anasanjikiza madenguwo pamutu, nayamba kuyenda kulowera kudimba, dengu lapamwamba likugwedera.

"Mugwire ndi manja onse awiri," Ndaziona anamuuza ali kumbuyo. "Ntchito yake ndi imeneyo."